Tinakumba njira pamalo a eni

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti tinafika kumaenje kuja m'mamawa monga mwa nthawi zonse, anthu asanu ndi njinga zathu, n'kupeza kuti pakati penipeni pa njira yathu pakumbidwa maziko a mpanda. Chingwe cha amisiri chinali chitamangidwa pazikhomo, kudutsa pamalo pomwe tinkalumphira. Chitunda chimene tinaunjika kwa masabata atatu anali atachigumula, dothi lake akupondera matope omangira. Mmisiri wina anatiyang'ana n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti, "Achimwene, mukufuna ndani?" Palibe anayankha. Tikanati chiyani? Malowo sanali athu, ndipo mwini wake sitinkamudziwa n'komwe.

Papita nthawi tsopano ndipo mkwiyo unatha. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ndaona kuti funso la njira likukhudza anthu ambiri kuposa ife openga ndi njinga.

Ndinakulira ku Chinsapo. Njinga yanga ndi mountain bike ya kaunjika yomwe ndinagula ndi ndalama za ganyu yophunzitsa ana a Fomu 4 patchuthi. Inabwera mashoko atauma, tcheni chikudumpha, mageya olowa ali atatu okha. Amene anaidzutsa ndi mnzanga wokonza njinga pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, ndipo zitsulo zina tinakazisaka ku Malangalanga. Iyeyo ndi amenenso anandisonyeza maenje. Kuseri kwa Chinsapo, potsikira kudambo, kuli malo amene oumba njerwa anakumba n'kuwasiya. Lilongwe yamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo uvuni uliwonse umasiya dzenje penapake. Kwa anthu ambiri maenje otere ndi motaya zinyalala ndi moswana udzudzu. Ife tinaonamo zitunda, mitsetse ndi makhona.

Tinayamba awiri. Kenako anabwera anyamata awiri a kabaza, omwe ankaimika Buffalo yawo n'kubwereka zathu, ndiponso mtsikana wina wa ku Area 23 amene mpaka lero amatisiya tonse pamtsetse. Zida zathu zinali makasu awiri, fosholo imodzi ndi wilibala yobwereka. Pokhota tinkaunjika dothi kunja kwa khona n'kulitsendera kuti njinga izitsamirapo osachepetsa liwiro. Pena tinayala zidutswa za njerwa kuti pakhale pogwedeza, poyesera munthu ngati amadziwa kuimirira pamapedulo n'kumasula manja. Pa ngalande ina tinaikapo matabwa awiri. Pofika Novembala tinali ndi njira yozungulira yomwe munthu amaimaliza m'mphindi zitatu, thukuta lili kamukamu.

Mvula ya Disembala inatiphunzitsa phunziro loyamba. Mtsetse wathu waukulu tinaulunjikitsa pansi, chifukwa ndi momwe umakomera. Madzi nawo anaukonda. Patangogwa mvula zitatu njira inasanduka chigwembe chofika m'mawondo, ndipo mchenga wonse unakathira m'dimba la mayi wina kumunsi. Chinandichititsa manyazi n'chakuti ku Bunda ndinali nditangolemba mayeso a kasamalidwe ka nthaka. Ndinkadziwa kufotokoza papepala chifukwa chake mlimi amayeza akalozera asanaunge mizere pamalo otsetsereka, koma nditagwira khasu ndekha ndinaiwala zonse.

Tinakumbanso mwezi wa Epulo, ulendo uno motsatira madzi. Omanga njira za njinga m'mayiko ena ali ndi lamulo losavuta: kutsetsereka kwa njira kusapitirire theka la kutsetsereka kwa phiri lomwe ikudutsapo. Ikapitirira pamenepo, madzi amasiya kuoloka njira n'kuyamba kuyenda nayo. Choncho njira imayenda chopingasa ngati mzere wa m'munda, pamwamba pake popendekera pang'ono kumunsi kuti madzi azingodutsa. Pakapita mamita angapo mumaika kadzenje kosaya kotsatana ndi kakwera, kuti madzi amene alowa apeze potulukira asanasonkhane mphamvu. Kumunsi kwa makhona tinabzalako vetiva. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo womanga njira ntchito yake ndi kufunsa madziwo kumene akufuna kudzera asanagwetse khasu.

Madzi tinawafunsa. Anthu ndiye sitinawafunse.

Njira yathu inkadula kanjira kamene amayi amadzera popita kumadimba. Tsiku lina madzulo ndinatulukira pakhona ndili paliwiro, mayi wina ali pomwepo ndi beseni la tomato pamutu. Sindinawagunde, koma pothawa anagwa, tomato yense n'kumwazika. Anali mayi yemwe uja wa dimba lokwiririka ndi mchenga. Sanatukwane. Anadzisasa fumbi n'kunena kuti, "Mwana wanga, njira ino ndinayamba kuyendamo iwe usanabadwe. Lero ndizipempha kwa iwe?" Ndinalipira tomatoyo ndi ndalama yomwe ndinasungira bandulo ya mwezi wonse, koma mumtima ndinkaonabe ngati iwo ndi amene anatilowera m'bwalo. Patatha miyezi itatu ndi pomwe tinapeza maziko aja.

Madzulo a tsikulo ndinadandaula kwa amalume. Ndinawauza za thukuta lathu, za zinyalala zomwe tinachotsa, za ana omwe anasiya kuzungulira m'mavidiyo n'kumabwera kudzaphunzira njinga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi: "Munapempha ndani?" Ndinati malowo anali ongokhala. Iwo anati, "Mphwanga, mu Lilongwe muno mulibe malo ongokhala. Ukaona tchire, dziwa kuti mwini wake sanapeze simenti." Anaonjezera kuti safunsa anadya phula, n'kupitiriza kumvera wailesi.

Ndinayamba kufufuza za anzathu a kunja ndikuyembekezera kupeza kuti kwawo zinali zophweka. Ndinapeza nkhani yathu yomwe. Masewerawa anayambira ku Marin County ku California cha m'ma 1970, achinyamata akutsika mapiri panjinga zakale zolemera, kaunjika weniweni. Mpikisano wawo wa mu 1976 unkatchedwa Repack chifukwa girizi wa m'mabuleki ankapsa potsika, ndipo ukafika pansi unkayenera kupakiramo wina. Okwera atachuluka, oyenda pansi ndi okwera mahatchi anayamba kudandaula, ndipo njira zambiri zinatsekedwa. Mu 1988 magulu a okwera njinga a ku California anagwirizana n'kupanga bungwe la IMBA, lomwe ntchito yake yaikulu inakhala kukambirana ndi oyang'anira malo, kuphunzitsa mamangidwe osakokolola nthaka, ndi kuuza okwera kuti woyenda pansi ndiye woyamba. Ku Scotland anafika patali: lamulo lawo la malo la 2003 limalola munthu kuyenda pansi kapena panjinga pamalo ambiri, ngakhale a eni, malinga akuchita mosamala. Ufuluwo anaumangirira ku khalidwe. Ukaononga mbewu kapena kuopseza ziweto, lamulolo silikuikiranso kumbuyo.

Ife lamulo lotero tilibe. Tili ndi mafumu, eni mbumba, makhansala ndi khonsolo. Choncho titapeza maenje ena chakumunsi, tinayambira kwa nduna ya mfumu, yomwe inatipatsa tsiku. Sitinapite chimanjamanja, ndipo tinatenga amalume kuti akatiyankhulire. Titakhala pansi n'kuomba m'manja, amalume anati, "Zikomo mfumu, ana anuwa ali ndi pempho." Nditafotokoza, mfumu inaseka mpaka kutsokomola. "Ana inu, anzanu amabwera kudzapempha malo omanga nyumba. Inu mukupempha malo oti muzigwapo?" Kenako inati malowo si ake oti n'kugawa, ali ndi eni, ndipo inatumiza mwana kukaitana agogo ena aakazi pamodzi ndi mlongo wawo. Inaitanitsanso amayi a kumadimba. Mayi wa tomato uja anabwera, n'kukhala moyang'anana nane.

Tinakambirana masana onse, ndipo mfundo zambiri zinachokera kwa amayiwo. Njira yathu isadule kanjira ka kumadimba kupatula pamalo amodzi, poonekera patali, ndipo pamenepo aliyense atsike njinga. Njinga iliyonse ikhale ndi belu. Tisadule mtengo, tisakumbe dzenje latsopano, dothi tizitenga m'maenje akale. Mchenga ukalowa m'dimba la munthu, tikauchotse ndife. Matabwa a pangalande omwe aliyense amaolokerapo tiziwakonza. Mwana wamng'ono asakwere popanda kholo lake kudziwa. Mfumu inaonjezera yake imodzi, ikuloza mitengo yowirira chakumadzulo: "Uko ndi kumanda. Kuli eni ake. Tayala lanu lisakapondeko, ngakhale mutamva ng'oma musapite kukasuzumira." Aliyense wokulira m'chigawo chapakati safuna kumasuliridwa mawu amenewo. Mnzathu wa ku Area 23 analemba zonsezi papepala lothothola m'kope, chilolezo cha chaka chimodzi. Agogo aja anadinda chala, ife tinasaina, mfumu inaika chidindo. Kope lina tinakasiya kwa khansala wa dera lathu kuti adziwe.

Ndisanamize munthu, pepala limeneli si lizi. Malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, amanena za kulembetsa malo ndi umwini wake, ndipo kapepala kathu sikatipatsa umwini uliwonse. Banja lija litafuna kugulitsa mawa, ligulitsa. Komabe ndaona mphamvu yake. Tsiku lina kunabwera anyamata ndi ngolo kudzatapa mchenga pakhona lathu lalikulu, ife tili kusukulu. Anawabweza ndi amayi a kumadimba, mayi wa tomato ali patsogolo, chifukwa khonalo ndi lomwe limatchinga madzi kuti asalowe m'madimba mwawo. Njira yoyamba ija itagumulidwa palibe anatidandaulira, poti inali ya anthu asanu. Yachiwiriyi ili ndi anthu oilondera amene sanakwerepo mountain bike chibadwire.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikusiya kukhala ya ife tokha. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindawu. Ambiri a iwo amakhala m'madera ngati Chinsapo, Mgona, Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, ndipo amayenda pansi kapena panjinga. Amene mwakulira m'madera amenewa tawerengani njira zachidule zimene munkadzera popita kusukulu ya pulayimale. Zatsala zingati? Puloti ikagulidwa, chinthu choyamba kumangidwa ndi mpanda, nyumba imabwera pambuyo. Mpanda uliwonse pawokha ndi wololedwa, koma ikakumana khumi, mwana wa sukulu amazungulira kilomita yathunthu, wa kabaza amakankhidwira pamsewu waukulu pakati pa maminibasi, ndipo mayi woyembekezera amafika kuchipatala mochedwa. Njirazi sizili pamapu aliwonse, choncho zikamatha palibe ofesi imene imadziwa kuti chinachake chatha. Mu 2021 mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta itadulidwa pokuza msewuwo, anthu analankhula kwambiri pa Facebook ndi pawailesi, ndipo anachita bwino. Kanjira ka ku Mgona kakatsekedwa amadandaula ndi odutsapo okha, nawonso chamumtima.

Pali malo ena amene sayenera kumangidwapo chilichonse: m'mphepete mwa mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi, Nankhaka ndi Mchesi. A ku Kawale, Biwi ndi Chipasula akukumbukira madzi osefukira a mu Disembala 2017. Vuto la malo otere n'lakuti kuwaletsa kokha sikukwanira. Malo opanda ntchito yooneka amapeza ntchito yobisika: zinyalala, kutapa mchenga, maziko okumbidwa usiku. Njira yoyendamo anthu tsiku lililonse ndi mlonda wotchipa kuposa onse. Imafuna makasu, vetiva ndi anthu ogwirizana, ndipo madzi akasefukira chimene chimaonongeka ndi dothi lomwe mungaunjikenso Loweruka lotsatira. Ganizo la Lilongwe Ecological Corridor, loteteza m'mbali mwa mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, likuloza komweko. Pempho langa n'lakuti maganizo otere asathere pakati pa Old Town ndi City Centre pomwe pali kale njira zoyendamo za ku Lilongwe Wildlife Centre. Atsike ndi mtsinje mpaka kwathu, ndipo achinyamata a m'makomboni akhale nawo pomanga, osangoitanidwa kudzavina tsiku lotsegulira.

Za ku Dzalanyama ndimazilankhula mosamala. Tikaima pachitunda chathu timaona mapiri ake, ndipo palibe wa ife amene salota kutsika kumeneko. Koma nkhalango imeneyo ndi yotetezedwa kuyambira 1922, ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ndipo madamu a Kamuzu ku Malingunde omwe amamwetsa mzindawu amadalira iyo. Mitengo inatha mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Aliyense wodzuka m'bandakucha ku Chinsapo amadziwa njinga zomwe zimatsika msewu wa ku Likuni zitasenza matumba a makala. Kwa mlonda wa nkhalango, njinga m'Dzalanyama tanthauzo lake ndi limenelo. Tikafuna kuti tsiku lina tidzaonedwe mosiyana, tiyenera kulowera pakhomo, ndi chilolezo cha a zankhalango, panjira zodziwika, titanyamula mbande. Gulu limodzi lokumba njira mobisa lingatsekere ena onse kwa zaka zambiri.

Ndikudziwa zomwe ena a inu mukuganiza, chifukwa anzanga ku hostel anandiuza kale pamaso. Akuti awa ndi masewera a azungu ndi ana a mabwana, ndipo dziko limene anthu akugona ndi njala silingataye nthawi ndi anyamata olumpha maenje. Mbali ina akunena zoona. Njinga yatsopano ya mtundu umenewu mtengo wake ungalipire fizi, ndipo pa mipikisano ngati wa ku Luwawa m'nkhalango ya Viphya pamafunika ndalama yoyendera imene wa kabaza alibe. Koma njinga si mlendo m'Malawi. Ndi galimoto ya mphawi, ambulansi ya kumudzi, ndi ntchito ya achinyamata osawerengeka. Munthu wotsika mtsetse wa miyala ndi matumba atatu pakaliyala, mabuleki ali a phazi, ali ndi luso lomwe anzathu a kunja amalipira kuti aphunzire. Chimene tilibe ndi malo oti luso limenelo likhale masewera. Mpira tinaupatsa mabwalo, ngakhale nawo akutha. Ndipo amene amafunsa za njala aone mnzanga wokonza njinga uja: masiku ano amakonza mashoko ndi mageya, ntchito imene ambiri pamsewu wathu saidziwa, ndipo makasitomala amachokera mpaka ku Area 25.

Chinthu china chimandivuta kwambiri kuposa chimenecho. Fizi yanga ya chaka choyamba inachokera kupuloti imene amayi anagulitsa. Wogulayo anamanga mpanda, ndipo pamalopo pankadutsa kanjira ka kumjigo. Sindinafunsepo kuti anthu aja akudzera kuti tsopano. Choncho sindingaime pano n'kumanyoza banja logulitsa malo, kapena munthu amene anagumula chitunda chathu. Anagula ndi ndalama zake ndipo anali ndi ufulu womanga. Cholakwika chinachitika kale, pamene malo ankadulidwa mapuloti popanda wina wonena kuti apa pasiyidwe mamita awiri a anthu odutsa. Wogulitsa sanganene zimenezo chifukwa akutaya ndalama, wogula sanganene chifukwa akufuna chitetezo. Anganene ndi mfumu, khansala ndi khonsolo, ngati pali anthu owakumbutsa.

Owakumbutsawo ndife. Ambiri owerenga pano mukuphunzira za mapulani a mizinda, zoyeza malo, malamulo, zaulimi kapena zaumoyo, ndipo zaka zikubwerazi mudzakhala ndi zidindo m'manja. Musadikire zidindozo. Mafoni ambiri amakono ali ndi GPS. Yendani njira zachidule za kwanu, muzijambule, muziike pa OpenStreetMap, mupereke kope kwa mfumu ndi kwa khansala. Njira yolembedwa imavuta kuikana kuti kunalibe. Mukafuna kukumba kanthu, kaya ndi njira ya njinga, kaya bwalo la netiboli, yambani mwafunsa mwini malo ndi anthu amene amadutsapo kale, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe ngakhale papepala la m'kope. Mukafika kwa akuluakulu muzinena zomwe mudzakonze musananene zomwe mukufuna. Ife tinachedwa chaka chathunthu ndi beseni la tomato kuti tidziwe zimenezi.

Chilolezo chathu chimatha mwezi wa Okutobala. Chaka chatha agogo aja anadindanso chala, koma mlongo wawo anatiuza mosabisa kuti pali munthu amene wayamba kufunsa mtengo wa malowo, ndipo mdzukulu wawo wasankhidwa kupita kusekondale. Sindikudziwa ngati chaka chino adindanso. Tagwirizana kuti akagulitsa, tidzapempha chinthu chimodzi chokha pamaso pa mfumu: kanjira ka kumadimba kasiyidwe kunja kwa mpanda. Makhona athu tidzakaunjika kwina.

Pakadali pano mvula ili pafupi, ndipo timadzenje totulutsira madzi tadzaza fumbi ndi mapepala. Loweruka likubwerali tikakhala kumeneko kuyambira 6 koloko m'mawa. Amene ali ndi fosholo abwere nayo. Wopanda njinga tidzam'bwereka, koma adzayamba wagwira wilibala.